Kokayenda ndi ana pa holide ndalama zikachepa

Mayi, poti mwafunsa kokayenda ndi ana ndalama zikachepa, ana anuwo pitani nawo ku Dziwe la Nkhalamba, ku Likhubula, m'phiri la Mulanje. Mumangolipira minibasi, wolondolera njira ndi kandalama kolowera pa geti la a zankhalango. Nyamukani m'mamawa, 7 koloko ikupezeni mwayamba kale kukwera, chifukwa dzuwa la mu Okutobala likaswa ana amafooka msanga, ndipo ndi ana ulendowo umapitirira ola limodzi. Kamba achokere kunyumba: mbatata yophika, nthochi, thobwa, ndi madzi malita awiri munthu aliyense.

Koma dziwelo ndi lakuya, madzi ake ozizira moti amagwira miyendo. Ana azisewera m'mphepete basi. Kuphiri kukachita mitambo chokanipo, mtsinje wa Likhubula umadzaza mwadzidzidzi. Tengani wolondolera njira wa pomwepo, mugwirizane mtengo musananyamuke. Ngati pali mwana wa mphumu, kafunseni kaye kuchipatala.