Ndalama za olumala zikamatha mwezi usanathe

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene anasiya ntchito chifukwa cha matenda a msana. Panopa akudalira ndalama zimene boma limapereka kwa anthu olumala. Funso lawo linali lalifupi: "Zimatha pofika sabata yachitatu. Ndadzimana chilichonse koma sizikutheka. Ndiyambire pati?"

Mayi, yambani ndi kutaya malangizo amene sanalembedwere inu. Pali lamulo lotchuka loti magawo 50 pa 100 a ndalama apite ku zofunika, 30 ku zosangalatsa, 20 musunge. Limathandiza munthu wapantchito. Kwa inu lendi, chakudya ndi mankhwala zokha zikhoza kumeza zonse, ndiye mukaliyesa mudzangodziona ngati wosakaza pomwe vuto ndi kuchepa kwa ndalamazo.

Kulumala kuli ndi mtengo wake. Pamene mnzanu akuyenda wapansi, inu mulipira galimoto. Pali mankhwala, madzi otentha othowera msana, mwina ndi munthu wokunyamulirani katundu. Ngakhale pangano la United Nations la mu 2006 lokhudza ufulu wa anthu olumala, mu ndime 28, limavomereza kuti zolipira zoterezi zilipo ndipo boma liyenera kuthandizapo mabanja osauka. Choncho pa pepala lanu la bajeti, zimenezi zikhale pamwamba penipeni, limodzi ndi lendi. Musazikhudze. Munthu amene amadumphitsa mapiritsi kuti afike nawo kumapeto a mwezi amadzalipira kuchipatala zoposa zimene anapulumutsa. Chimene mungachite ndi kufunsa dokotala kapena wogulitsa mankhwala ngati pali mankhwala omwewo opangidwa ndi kampani ina, chifukwa kawirikawiri mtengo umasiyana kwambiri pomwe mphamvu yake ndi imodzi.

Tsopano za sabata yachitatu ija. Ambiri timagawa ndalama za mwezi panayi, koma chaka chili ndi masabata 52, osati 48. Mwezi uliwonse, kupatula February, uli ndi masiku awiri kapena atatu amene kagawidwe ka panayi kamawaiwala. Tsiku lomwe ndalama zalowa, lipirani lendi, magetsi, madzi ndi mankhwala. Zotsalazo gawani pasanu, gawo lililonse mu envulopu yake. Envulopu yachisanu idzakufikitsani kumapeto a mwezi, ndipo kamene katsalemo ndiko kosunga kanu koyamba.

Pa magetsi ndipamene anthu amadzizunza pachabe. Ndimamva ena akuti amakhala mumdima kuti apulumutse. Babu la LED la mawati 9 limawala ngati babu lakale la mawati 60. Ketulo yamagetsi imakoka pafupifupi mawati 2,000. Werengani nokha: kuwiritsa ketulo mphindi zitatu kumadya magetsi ofanana ndi babu la LED lija litayaka maola 11. Ndiye yatsani nyale, makamaka inu amene kugwa mumdima kungakugonekeni. Yang'anani zinthu zotulutsa kutentha: ketulo, simbi, mbaula yamagetsi, chotenthetsera madzi. Wiritsani madzi okhawo amene mukuwafuna, otsala muthire mu fulasiki. Vundikirani poto. Phikani kamodzi chakudya cha masiku awiri tsiku limene thupi lili bwino, pakuti tsiku la ululu ndi limene munthu amagula zophikaphika zodula.

Onaninso ndalama zimene zimachoka zokha mwezi ndi mwezi, monga za TV, inshuwalansi imene munaiiwala, kapena mapulogalamu apafoni. Kuletsa chimodzi n'kuvutika kamodzi kokha, pomwe kudzimana tiyi n'kuvutika tsiku lililonse. Ine ndimati siyani kanthu kamodzi kokusangalatsani m'bajetimo, kalembedwe poyera. Bajeti yopanda kanthu kotero siichedwa kung'ambidwa.

Katapila ndiye mumuthawe. Chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi chimaoneka chaching'ono, koma mukabwereka 100 n'kulephera kubweza, chiwongoladzanjacho chikumaberekana, pakutha chaka ngongole imayandikira 900. Mukaona kuti lendi ivuta, lankhulani ndi eni nyumba tsiku lolipira lisanafike, muwauze kuchuluka kwa zimene mungathe ndi tsiku lake. Anthu amamva msanga mawu a munthu wobwera yekha kusiyana ndi amene achita kumusaka.

Munafunsanso, kumapeto kwa kalata yanu, ngati mungagwireko kaganyu. Apa samalani. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma m'malo ambiri pali malire a ndalama zimene mungapeze osataya thandizo lanu, ndipo mukapitirira osanena, ofesi ikhoza kukuuzani kuti mubweze zimene inakupatsani. Musadalire zomva kwa anzanu. Pitani kapena imbani ku ofesi imene imakulipirani, mufunse malirewo, ndipo mupemphe kuti yankho akupatseni cholemba. Muli komweko funsaninso ngati pali thandizo lina limene mukuyenera kulandira, la nyumba, la mayendedwe kapena la zipangizo, komanso tsiku limene adzaunikenso fayilo yanu. Tsikulo mulilembe pa kalendala, ndipo makalata a dokotala muwasunge m'chikwama chimodzi.