Anthu atatu avomereza, koma kompyuta ikuti pempho lakanidwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amayang'anira za chuma pa bungwe lina laling'ono ku Mzuzu. Pa ofesi pawo, pempho lililonse logulira zinthu limayenera kusainidwa ndi anthu atatu: woyang'anira pulojekiti, iwowo a zachuma, kenako adayirekita. Mapepala ankasochera, ena n'kugona m'dirowa sabata yathunthu. Popeza ali kale ndi Microsoft 365, mnyamata wawo wa IT anapanga flow (mndandanda wa masitepe amene kompyuta imatsatira yokha) mu pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Power Automate kuti zonse ziziyenda zokha. Koma onse atatu akavomereza, uthenga umene ukubwera ndi wakuti pempho lakanidwa. Akufunsa kuti chalakwika n'chiyani, nanga akonze bwanji kuti zisamavutenso.

Mayi, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani mtendere, chifukwa n'chaching'ono kwambiri. Ndikuganiza kuti mnyamata wanuyo anagwiritsa ntchito sitepe yotumiza pempho n'kudikira yankho yotchedwa Start and wait for an approval, n'kusankha mtundu wa Everyone must approve, kenako n'kuika Condition (sitepe yosankha njira) yofunsa ngati Outcome, kutanthauza yankho la ovomereza, ili yofanana ndi mawu oti Approve. Akakhala wovomereza mmodzi, zimenezo zimayenda bwinobwino. Koma akakhala atatu, Outcome sikhala liwu limodzi ayi. Imakhala "Approve, Approve, Approve", mayankho onse atatu pamzere umodzi. Ndiye kompyuta ikayerekeza mzere umenewo ndi liwu limodzi lija, imaona kuti sizikufanana, n'kulowera kunjira ya kukana. Sikuti yapenga, yangochita zimene inauzidwa. Muuzeni asinthe Condition ija kuti ikhale ndi mizere iwiri: Outcome ikhale ndi liwu loti Approve, komanso isakhale ndi liwu loti Reject. Ndipo alembe mawuwo ndi zilembo zazikulu koyambirira monga mmene ndalemberamu, chifukwa Power Automate imasiyanitsa A wamkulu ndi a wamng'ono.

Izo zikakonzeka flow iyenda. Koma pali china chimene ndaona m'kalata yanu. Mwanena kuti adayirekita amasaina pomaliza, inu mutaona kale kuti ndalama zilipo pa bajeti. Everyone must approve satsatira ndondomeko imeneyo. Amatumiza pempho kwa onse atatu nthawi imodzi, ndipo mmodzi akangokana nkhani yathera pomwepo. Ndiye zitha kuchitika kuti adayirekita adina Approve ali m'galimoto pa foni, inu musanatsegule n'komwe makotesheni. Kenako inu mupeza kuti mzere wa bajetiwo unatha kale mwezi watha. Kodi mukana chinthu chimene abwana avomereza kale? Mukhoza, koma tonse tikudziwa mmene zimakhalira pa ofesi za kuno kwathu. Ambiri amangodina Approve n'kumang'ung'udza chamumtima.

N'chifukwa chake ine ndikanaika masitepe atatu otsatizana. Loyamba lipite kwa woyang'anira pulojekiti, pansi pake Condition. Akavomereza, lachiwiri libwere kwa inu, pansi pake Condition ina. Kenako lachitatu kwa adayirekita. Masiku ano mulinso mtundu wotchedwa Sequential Approval umene umachita zotsatizanazo mu sitepe imodzi, koma ine ndimakondabe kuwalekanitsa, chifukwa pakati pa masitepewo m'pamene mungaike malamulo anu. Mwachitsanzo, ngati malamulo a zachuma a bungwe lanu amati zinthu zosapitirira K500,000 sizifunika adayirekita, muika Condition yoona ndalamazo, ndipo pempho la mapepala a printa silikasokoneza abwana. Nambalayo ndangopereka chitsanzo, inu mutenge imene ili m'buku lanu la malamulo. Nanga mtundu wina uja wotchedwa First to respond? Ameneyo ndi wa pamene anthu awiri ali ndi mphamvu zofanana, monga maakauntanti awiri, ndipo aliyense amene wayamba kuyankha zakwana.

Tsopano apa ndiye pagona nkhani, ndipo ambiri sapaganizira mpaka zitawaonekera. Munthu akapita ku filudi ku Chitipa milungu iwiri, kapena ali ku maliro kumudzi kumene netiweki imagwira pokhapokha utakwera pachulu, pempho limangokhala phee kumudikira. Pepala lija mumatha kulinyamula n'kupita nalo kwa wachiwiri wake. Flow siidziwa zimenezo pokhapokha mutaiuza. Choipa kwambiri n'chakuti pa pempho limodzi flow siyenda kupitirira masiku 30. Masikuwo amawerengedwa kuyambira pamene pempho lalowa, masitepe onse atatu pamodzi, osati sitepe iliyonse payokha. Woyamba akachedwa masiku 25, enanu mwatsala ndi asanu okha, ndipo akakwana 30 flow imafa, pempho n'kutsala m'malere.

Mankhwala ake ali mu Settings ya sitepe iliyonse, pamalo olembedwa Timeout. Mukalemba P5D ndiye kuti idikire masiku asanu basi. Kenako muika sitepe ina pansi pake, n'kuiuza kudzera pa Configure run after kuti iziyamba pokhapokha yapamwambayo ikafika pa has timed out. Sitepe imeneyo itumize pempho kwa wachiwiri, komanso imelo kwa woyamba uja yomuuza kuti nkhaniyo yapita kwa mnzake. Amene akudziwiratu kuti achokapo angathenso kudina Reassign n'kupatsira wina. Koma funso lakuti wachiwiri wa adayirekita ndani, ndipo angavomereze mpaka ndalama zingati, si la mnyamata wa IT. Limenelo mukakambirane pa msonkhano wa akuluakulu, lilembedwe m'maminitsi, kenako iye angolowetsa mu kompyuta.

Pa msonkhano womwewo mufunsenso kuti zizikhala bwanji ngati wopempha ndi woyang'anira pulojekiti yemweyo. Flow mukaisiya yokha imutumizira pempho lake lomwe, iye n'kudzivomereza. Maodita akabwera, chimenecho ndi choyamba kuchitola. Condition imodzi yoyerekeza imelo ya wopempha ndi ya wovomereza imathetsa vutoli: zikafanana, pempho lidumphire kwa wina.

Ponena za maodita, musadalire mbiri imene Power Automate imasunga yokha, chifukwa run history imaoneka kwa masiku 28 okha, pamene odita amabwera chaka chitatha. Pakatha sitepe iliyonse, flow izilemba mu SharePoint list yanu (tebulo losungiramo zinthu la mu Microsoft 365) dzina la amene wavomereza, tsiku ndi nthawi, ndi ndemanga yake. Makotesheni nawo akhale momwemo, ndipo pamalo olembedwa Item link mu sitepe ya pempho muike linki yake m'malo motumiza mafayilo olemera kwa aliyense. Anzanu a ku filudi amene amatsegula Teams pa bandulo ya m'thumba mwawo adzakuthokozani.

Chomaliza ndi chimene chinandichititsa manyazi ineyo. Pa ofesi ina imene ndinkathandiza, flow yotereyi inapangidwa pa akaunti ya mnzathu wina. Atapeza ntchito kwina, akaunti yake inatsekedwa monga mwa lamulo, ndipo flow inasiya kutumiza mapempho popanda aliyense kudziwa. Tinazindikira tsiku limene dalaivala analowa mu ofesi atanyamula makiyi m'manja, n'kufunsa kuti kodi pempho la matayala lija likuyenda wapansi? Tinatsegula kompyuta n'kupeza mzere wofiira wa mapempho olephera, wina pansi pa unzake. Kuyambira pamenepo flow iliyonse ndimaipanga pa akaunti ya ofesi yosakhala ya munthu mmodzi, n'kuwonjezera anthu awiri ngati ma co-owner, kutanthauza eni ake ena a flow-yo. Maimelo a ovomereza nawo sindiwalembanso m'kati mwa flow. Ndimawaika mu list ina yaing'ono ya mizere itatu, udindo uku dzina uku, flow n'kumawerenga m'menemo. Munthu akachoka, inuyo mayi mungosintha dzina pa mzere wake, osadikira wa IT. Ena amagwiritsa ntchito Get manager kuti kompyuta ipeze yokha bwana wa wopempha, koma imeneyo imadalira kuti dzina la bwana linalembedwa pa akaunti ya munthu aliyense, ndipo m'maofesi ang'onoang'ono amene ndaonamo malo amenewo nthawi zambiri amakhala opanda kanthu.

Musanauze ofesi yonse, yesani ndi mapempho anayi abodza: limodzi onse avomereze, lina inu mulikane, lina la ndalama zochepa, ndipo lachinayi mulisiye dala osayankha. Pa lachinayilo sinthani kaye Timeout ikhale PT10M, kutanthauza mphindi khumi, kuti musadikire masiku asanu. Mukatha kuyesa musaiwale kubwezeretsa P5D, apo ayi Lolemba m'mawa mapempho onse azidumphira kwa wachiwiri adayirekita asanamalize n'komwe kumwa tiyi.