Mashopu awiri, lole, nyumba ya mpanda, koma mtima sukukhuta

Bambo wina wa ku Limbuli wandilembera imelo. Akuti ali ndi mashopu awiri, lole yonyamula nanazi ndi chimanga kupita ku Limbe, nyumba ya mpanda, ndipo ana ali kusukulu zolipira. Kutchalitchi amapita, chakhumi amapereka. Koma madzulo akatseka shopu n'kuwerenga ndalama, mumtima mumangoti zii. Wayesa mowa, wayesa chibwenzi chamseri, kukoma kwake kumatha kusanache. Funso lake ndi lakuti: “Kodi ndalodzedwa, kapena Mulungu anandisiya?”

Achimwene, simunalodzedwe, ndipo Mulungu sanakusiyeni. Zimene mukumvazo zinalembedwa kalekale m'buku la Mlaliki. Tsegulani mutu 2, muyambire vesi 4 mpaka 11. Munthu amene akulankhula m'menemo anamanga nyumba, analima minda ya mphesa, anakumba maiwe othirira mitengo, anali ndi ng'ombe, nkhosa, siliva, golide ndi oimba akeake. Chilichonse chimene maso ake anakhumba sanadzimane. Atatembenuka n'kuyang'ana zonsezo, anapeza kuti kunali kuthamangitsa mphepo. Ameneyu sanali mmphawi wodzitonthoza kuti chuma n'choipa poti wachilephera. Anali nacho, anachilawa mpaka pansi pa mbale.

Pali mavesi awiri m'buku lomwelo amene alaliki ambiri amawadumpha. Mutu 5 vesi 19 akuti Mulungu akapatsa munthu chuma n'kumupatsanso mphamvu yoti adyerere, imeneyo ndi mphatso. Mutu 6 vesi 2 akunena za munthu wina amene wapatsidwa chuma ndi ulemu, osasowa kanthu, koma mphamvu yodyerera sanapatsidwe. Ndiye kuti kukhala nazo ndi mphatso ina, kukondwera nazo ndi mphatso inanso. Yoyambayo mumaipeza podzuka 4 koloko m'mawa n'kumalimbana ndi mitengo ya katundu ku Milange. Yachiwiriyo siigulidwa pamsika uliwonse. Inu mwakhala mukuganiza kuti yoyambayo ikachuluka ibala yachiwiri. Siibala. Shopu yachitatu idzakusangalatsani miyezi iwiri kapena itatu, kenaka mtima udzaizolowera monga unazolowerera yachiwiri. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira mu 430, atayenda m'zisangalalo zomwezi analemba kuti Mulungu anatilengera Iye mwini, ndipo mtima wathu supeza mpumulo kufikira utapumula mwa Iye.

Apa ndiyenera kukuchenjezani, chifukwa munthu wa ndalama amene mtima wake ukuwawa amakhala ndiwo za anthu ena. Mukangonena zimenezi pagulu, adzabwera wina kukuuzani kuti pali mzimu wa kumtundu umene ukutsekereza chimwemwe chanu, ndipo mufese mbewu ya ndalama zakutizakuti kuti umasuke. Musapereke ngakhale tambala. Zimenezo ndi malonda omwe aja a ku Limbuli, angovala jekete basi. Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, ndipo Petro anamuyankha kuti ndalama zakezo ziwonongeke naye pamodzi. Zili pa Machitidwe 8:18-20. Chimene chimandipweteka pa chiphunzitso chimenechi n'chakuti chimatenga munthu amene watopa ndi kuwerenga phindu n'kumuphunzitsa kuwerenganso phindu pamaso pa Mulungu. Wapereka zakuti, akuyembekezera zakuti. Zikapanda kubwera, amasiya ndi kupemphera komwe. Ndinenenso za Afilipi 4:13, vesi limene timalimata pamagalasi a maminibasi ngati lonjezo lakuti bizinesi iyenda. Paulo analemba mawu amenewo ali m'ndende, ndipo mavesi 11 ndi 12 akufotokoza “zonse” zimene akunenazo: kukhuta ndi kumva njala, kusefukira ndi kusowa. Liwu lofunika pamenepo ndi lakuti anaphunzira. Kukhutira amachita kuphunzira, monga mmene munaphunzirira kusunga buku la ngongole. Sikugwa kuchokera kumwamba pa msonkhano wa chitsitsimutso wa masiku atatu.

Adzabweranso ena kukuuzani kuti mugulitse zonse mukakhale kuphiri. Amenewanso ayi. Pa 1 Timoteo 6:17-19 Paulo sakulamula olemera kuti atseke mashopu. Akuti asadzikuze, asaike chiyembekezo pa chuma chosadalirika, akhale olemera pa ntchito zabwino ndi okonda kugawira ena. Kusadalirika kwake ife a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo sitichita kuuzidwa. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, ndipo nyumba zomangidwa zaka khumi zinapita usiku umodzi. Akuluakulu anati chuma ndi mchira wa khoswe, suchedwa kupululuka.

Mukamadutsa m'minda ya tiyi ya ku Lujeri kapena ku Satemwa, muimeko pang'ono muone. Tiyi ndi mtengo ndithu. Akausiya umatalika kuposa nyumba. Koma ukatero mphamvu zake zimathera m'thunthu ndi m'nthambi, ndipo nsonga zanthete zimene amathyola, masamba awiri ndi kamphukira, zimachepa n'kukhala patali. N'chifukwa chake pakapita zaka zingapo amaudulira kwambiri, munda n'kuoneka ngati wapsa, kuti mvula ikagwa uphukire pabwino. Yesu ananena zofanana pa Yohane 15:2, ndipo taonani kuti nthambi imene imasadzidwa ndi yobala zipatso. Moyo wanu wakula m'thunthu. Pali zina zofunika chikwanje.

Ndiye muyambire pati?

Yambani ndi chibwenzicho, chifukwa china chilichonse chimene mungachite chisanathe chidzakhala kuthira madzi m'dengu. Chithetseni ndi mawu omveka kamodzi, fufutani nambala, ndipo musiye kutumiza ndalama pa foni “zothandizira” chifukwa ndi chingwe chimene chimabwezera amuna ambiri. Ngati pali mwana, udindo wa mwanayo ndi wanu, koma thandizo lidzere mwa ankhoswe kapena mkulu wa mpingo, osati inu nokha usiku. Kayezetseni magazi. Za kuulula kwa mayi a kunyumba musazichite mothamanga muli nokha. Pitani kaye kwa abusa kapena ansembe okhwima maganizo, amene amadziwa kusunga chinsinsi, akuthandizeni njira ndi nthawi yake.

Kenaka shopu. Ngati sikelo yanu yogulira chimanga ndi nandolo kwa alimi inakhotetsedwa, ikonzeni sabata ino. Miyambo 11:1 ikunena poyera kuti muyeso wachinyengo umanyansa Yehova. Ngati anyamata a pa lole ndi mtsikana wa mu shopu muli nawo ngongole ya malipiro, lipirani musanapereke chakhumi china, ndipo werengani Yakobo 5:4. Anthu ambiri amene amadandaula kuti pemphero lawo silidutsa denga ali ndi kanthu kotere kamene akukadziwa bwinobwino. Zakeyu sanayambe ndi kusala kudya, anayamba ndi kubweza.

Za kuwerenga Mawu, musadziikire katundu wolemera. Mphindi 20 m'mawa, foni isanayatsidwe, pamalo amodzi omwewo tsiku lililonse. Mlaliki ali ndi mitu 12, mutu umodzi patsiku. Mukatha mulowe Afilipi, mitu 4, kenaka Yohane, mitu 21. Onse pamodzi ndi masiku 37. Khalani ndi kope: lembani vesi limodzi limene lakugwirani, zinthu zitatu za dzulo zimene mukuthokoza, muzitchule maina ake, ndi tchimo limodzi kapena nkhawa imodzi imene mukuipereka. Mawu opempherera akasowa, werengani Salimo 63 kapena 73 mokweza ngati pemphero lanu. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi ichi: sabata yoyamba mumamva kukoma, yachitatu kumauma gwa, ndiye munthu amati sizikugwira ntchito n'kusiya. Kuumako sikutanthauza kuti Mulungu wachoka. Mtima umene unazolowera zinthu zokoma msanga, mowa, kubetcha, mauthenga a usiku, umatenga nthawi kuti umve kukoma kwa zinthu zofatsa. Mukadumpha tsiku musabwezere mitu iwiri mawa lake, ingopitirizani pamene munasiyira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsekani shopu tsiku limodzi lathunthu pa sabata, kaya ndinu a Lamulungu kaya a Sabata monga abale athu a ku Malamulo. Lathunthu, osati kutuluka m'tchalitchi n'kukatsegula 1 koloko. Mudzataya makasitomala ena, ndipo kupweteka kumene mudzamve pa ndalama yotayikayo kudzakuuzani pamene mtima wanu unakhala. Muziperekanso mwamseri. Anthu a ndalama m'mipingo yathu timawaononga ndi kuwaitana kukhala alendo olemekezeka pa pepa sande, dzina n'kulengezedwa pa chimkuzamawu, m'manja n'kuwombedwa. Mphotho yake imathera pomwepo, monga akunenera Mateyu 6:2. Sankhani mwana mmodzi wamasiye wa kusekondale, mulipire fizi kudzera mwa munthu mmodzi wodalirika, mwanayo asadziwe kuti ndinu. Ndipo mulowe m'kagulu kakang'ono, mlaga kapena mphakati wa kwanuko, kumene mukakhale pa mkeka pamodzi ndi wothyola tiyi ndi wa kabaza, osalandira mpando wa msungichuma chaka choyamba ngakhale akukakamizeni.

Chinthu china chimene sindingachisiye. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo simukugona, chakudya sichikulowa, palibe chimene chikukusangalatsani ngakhale ana anu, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, amenewo angakhale matenda a maganizo, ndipo amachizika. Pitani kuchipatala cha boma ku Mulanje kapena ku Mulanje Mission mukawauze zonse monga mwandiuzira ine, mowawo musaubise. Ngati mumamwa tsiku lililonse moti mukapanda kumwa manja amanjenjemera, musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba, chifukwa ena amakomoka nazo. Adokotala akuuzeni kasiyidwe kake. Kopelo ndi Baibulo mupite nazo komweko.