Tsiku limodzi lophunzitsa za nkhanza pa esiteti: ndiyambire pati?

Mayi wina, nthumwi ya bungwe la ogwira ntchito pa esiteti ya tiyi ku Mulanje, watilembera pa imelo kuti: "Andipatsa tsiku limodzi lokha kuti ndiphunzitse anzanga za nkhanza zokhudza kugonana. Ndiyambire pati?"

Mayi, yambirani pa kusankha olowa m'chipindamo. Makapitawo ndi makalaliki a pasikelo akhale ndi tsiku lawolawo. Munthu amene amagawa mizere, kulemba makilo ndi kutchula oti abwerenso mvula ikagwa, akangokhala pabenchi lakumbuyo, palibe mayi angatsegule pakamwa. Mudzangomva "zonse zili bwino", anthu n'kumwa zoziziritsa kukhosi, n'kubalalika. M'mawa amayi akhale paokha, abambo paokha, m'magulu osapitirira anthu 15.

Musayambe ndi kuwerenga malamulo. Funsani kuti: pano zimachitikira pati? Ajambule mapu a esiteti papepala lalikulu, achonge malowo: mzere wakutali kumphepete kwa bulugamu, pasikelo madzulo, njira yochokera kufakitale usiku. Mayina a anthu asatchulidwe. Kenako mutchule zinthuzo mosapsatira, chifukwa ambiri amaganiza kuti nkhanza ndi kugwiririra kokha. Kugwira mabere "mocheza", mauthenga a pa WhatsApp usiku, mawu oti "ukandikana usadzabwerenso chaka chamawa", zonsezi ndi nkhanza.

Lamulo libwere masana, mwachidule. Gender Equality Act ya 2013 imati nkhanza zoterezi ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Imanenanso kuti wochitiridwayo sakakamizidwa kudikira kuti nkhani ithe kaye kuntchito asanapite kupolisi kapena kukhoti. Apa mpomwe mabwana ambiri amanamizira anthu, ndiye mubwereze kawiri.

Gawo lalikulu likhale loyeserera kulandira dandaulo. Awiriawiri: wina adandaule, wina amvetsere. Womvetsera asafunse kuti "munavala chiyani?" kapena "bwanji simunakuwe?" Alembe tsiku, nthawi, malo, mawu enieni amene ananenedwa ndi amene anali pafupi, ndipo mauthenga a pafoni asafufutidwe. Asatengere nkhaniyo kulikonse mwiniwake asanavomere. Nkhani zambiri zimafera pa nthumwi yachifundo imene imathamangira kwa kapitawo "kukakambirana pachibale". Mawa lake mayi wodandaulayo amapezeka pamzere wouma, makilo atsika, ndipo winanso sadzayerekeza kudandaula. Choncho musanabalalike sankhani anthu awiri kapena atatu olandira madandaulo, mmodzi akhale wagawo lina, kuti amene akuopa wapafupi akhale ndi kwina kopita.

Manambala awiri aliyense atuluke ataloweza. Wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti ayambe PEP, mankhwala oteteza ku HIV, ndipo kupolisi afunse ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Wochotsedwa ntchito chifukwa chokana kapena chodandaula ali ndi miyezi itatu yokha yokasuma ku ofesi ya leba yapaboma, kuwerenga kuyambira tsiku limene anachotsedwa.