Kwa achemwali a ku Salima amene mukufufuza za agogo anu a Keyala

Achemwali mwafunsa kuti agogo anu aamuna a kwa Khombedza anapita ku nkhondo ya Hitler, anabwerako ndi mendulo ziwiri koma pakhomo palibe akudziwa kuti anakamenyera kuti, nde mukuganiza zopita pa MAFCO kukafunsa fayilo yawo. Ndaona mmakomenti ena akungoti gugulani, ena akuti lemberani mfumu ya ku Mangalande kkkk. Ine ndati ndilembe motalikitsako chifukwa njira imeneyi ndinayendamo pofufuza agogo anga a kuno ku Nkhotakota, nde mupirire nane.

Pa MAFCO musawonongerepo thiransipoti, paja ndi sukulu ya asilikali a masiku ano ndipo inabwera dziko litalandira kale ufulu. Agogo anuwo ayenera kuti anali a King's African Rifles, mwachidule KAR, ija akuluakulu ankangoti Keyala, inayamba mu 1902 ndipo kwa ife a Nyasaland kuchimake kunali ku Zomba komwe kuli Cobbe Barracks. Malawi Rifles inachita kubadwa kuchokera mu Keyala yomweyo mu 1964. Koma ngakhale ku Zombako musathamangireko manja lendelende ndi dzina lokha, mukangobwerako ndi fumbi.

Chimene mukufuna poyamba ndi nambala yawo ya usilikali ndi bataliyoni yomwe anali. Basi. Asilikali samuwerenga munthu ndi dzina, amamuwerenga ndi nambala. Anthu olembedwa ku Nyasaland ambiri nambala yawo imayamba ndi zilembo DN kenako manambala. Ine ndinaipeza mu thiranki yachitsulo ya agogo aakazi, pansi pa nsalu zakale ndi makadi a msonkho, munali kabuku kopyapyala kamene ankapatsidwa potuluka usilikali, chiswe chitadya ngodya yonse ya kumanja moti dzina la mfumu linatsala theka koma nambala inapulumuka. Ndinakhala pa mkeka ndikukatsegula ndi nsonga ya mpeni chifukwa mapepala anali atamatirirana, azakhali ali pambali kumangoti "uwononga iwe, uwononga". Nde funsani kumudzi amene anasunga katundu wa malemu, nthawi zambiri amakhala mwana wamkazi wamkulu kapena mlongo wawo, osati amalume aja olongolola pa maliro ayi. Yang'ananinso kuseri kwa zithunzi, mkati mwa Baibulo kapena Korani, pa lamba, pa kapu yachitsulo, ena ankazokota nambala yawo paliponse.

Za dzina chenjerani nazo kwambiri. Ine ndinataya miyezi ndikusaka dzina lomwe ife timawadziwira, osadziwa kuti ku Keyala analembetsa dzina la ku chinamwali ndi la bambo awo, la mfunda sanalitchule nkomwe. Komanso amene ankalemba anali mzungu kapena kalaliki wongomva ndi khutu, nde Useni amatha kukhala Oseni kapena Hussein, Saidi kukhala Saiti. Maboma nawonso mayina anali ena, kuno ankalemba Kota Kota mawu awiri, ndipo inu a ku Salima nthawi imeneyo munali pansi pa Dowa, nde mukaona pepala lati Dowa musalitaye kuti si agogo anu.

Mendulo zomwe mwanenazo zitha kukuthandizani ngakhale za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Angerezi ankapereka zopanda dzina la mwini wake. Ngati ili yooneka ngati nyenyezi werengani kutsogolo kwake, palembedwa. Ikati Africa Star kawirikawiri ndiye kuti anali ku Abyssinia komwe pano ndi Ethiopia, ku Somaliland kapena chakumpoto kwa Kenya cha mu 1940 ndi 1941 kumenyana ndi Mataliyana. Ikati Burma Star, kansalu kake kofiira pakati, mmbali buluu wakuda ndi timizere ta olenji, ndiye kuti anawoloka nyanja kukakumana ndi Majapani. Zozungulira zija zasiliva pafupifupi aliyense analandira, sizinena malo. Koma mukapeza yozungulira yolembedwa dzina ndi nambala mmphepete mwake ngati mmene imakhalira ndalama yachitsulo, pamwamba pali kachitsulo kolembedwa Malaya, mwapata, chifukwa amenewo ndi aja anapita ku Malaya kuyambira 1952 ndipo mendulo zimenezo zinkalembedwa mayina.

Tsopano pa nkhani ya mabuku a bataliyoni, apa mpamene pagona nkhani. Gulu lililonse la asilikali pa nthawi ya nkhondo linkalemba buku la tsiku ndi tsiku, pachingerezi amati war diary. Ofisala mmodzi ankalemba kuti lero tili malo akuti, tayenda mamailosi angapo, kwagwa mvula, kampani yakuti yakumana ndi adani, ovulala angapo, odwala angapo. Mabuku amenewa sali ku Malawi kuno, ali ku The National Archives ku Kew mu London. Ali ndi katalogi pa intaneti dzina lake Discovery, kusaka ndi ulere, bandulo yanu yokha. A ku East Africa ndi Abyssinia ali mu mndandanda wa WO 169, a ku Madagascar WO 174, a ku India ndi Burma WO 172. Mumalemba dzina la bataliyoni ndi chaka, imakupatsani nambala ya fayilo. Pamenepanso pali msampha, mabataliyoni ankasintha mayina nkhondo ili mkati. Tisanalowe mu nkhondo a Nyasaland anali awiri, 1 KAR ndi 2 KAR, kenako anthu atachuluka anayamba kuswana nkumatchedwa 1/2, 2/2 chonchochi, pambuyo pake 2/2 ija inadzakhala 22 KAR. Nde mukasaka dzina limodzi lokha muona ngati gululo linangozimirira pakati pa nkhondo pomwe langosintha dzina.

Ndikuuzirenitu kuti mtima usadzawawe, dzina la agogo anu mwina simudzalipezamo. Ma ofisala achizungu amatchulidwa mayina mpaka amene wapita ku tchuthi, koma anthu akuda amangolembedwa AOR, kutanthauza African Other Ranks, nkuika nambala ya anthu basi. Tsiku loyamba kuwerenga ine zinandinyansa, ndinatseka laputopu nkupita kukakhala kunyanja. Munthu anasiya mkazi ndi munda wa mpunga, wakafera kutchire la eni, pa pepala nkungoti AOR mmodzi wafa. Mayina athu amatulukira mwa apo ndi apo, makamaka mmapepala omata kumapeto kwa mwezi, pamene wina wakwezedwa kukhala kopolo kapena sajeni, walandira mendulo ya kulimba mtima, kapena walangidwa. Za mendulo ya kulimba mtima zili ndi mndandanda wakewake WO 373, umenewo mutha kusaka ndi dzina ndipo amafotokoza zomwe munthuyo anachita.

Nanga phindu lake nchiyani ngati dzina mulibe? Phindu lake ndi loti mukadziwa bataliyoni, bukulo limakuuzani komwe agogo anu anagona usiku uliwonse, ndipo nkhani zija ankakamba pa khonde anthu nkumati akuluwa ayamba kubwebweta zimayamba kugwirana. Agogo anga ankakonda kunena za Kolombo, za mvula yosakata ya ku Bama, za misundu yolowa mu jombo mpaka magazi chuchuchu, ndi chakudya chogwa kumwamba. Ife ana tinkaseka kuti chakudya chingagwe kumwamba ngati mana a mu Baibulo? Nditawerenga ndinapeza kuti gulu lawo linali mu 11th East African Division, anayamba akaphunzira nkhondo ya mnkhalango ku Ceylon komwe pano ndi Sri Lanka, likulu lake nthawi imeneyo linali Colombo, kenako mu 1944 anawalowetsa mu chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya dzinja lakumeneko, pomwe misewu inali matope okhaokha galimoto zosadutsa, nde chakudya ndi zipolopolo ankachita kuponya pa ndege. Malungo ndi matenda a nthata za mtchire ankagwetsa anthu kwambiri mchigwa chimenecho, tsamba ndi tsamba mumangoona chiwerengero cha otumizidwa ku chipatala. Anakafika pa mtsinje wa Chindwin cha ku Kalewa kumapeto kwa chaka chomwecho. Nditawawerengera azakhali zimenezi anangoti "paja bambo ankati mtsinje wake Bua achepa", nkuyamba kulira, ine ndemwe ndinasowa poyang'ana.

Vuto ndi loti mabuku a nkhondo yachiwiriwa sanaikidwe pa intaneti kuti mungodawunilodi. Pali njira ziwiri, kuwalipira a ku Kew kuti akujambulireni, zomwe ndi mapaundi ndipo ndi mmene kwacha ilili panopa mutha kugulitsa mbuzi zingapo, kapena kupeza wachibale ali ku UK. Ine anandithandiza msuweni wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba kumeneko, anapita tsiku lake lopuma, khadi yowerengera amapereka ulere bola ukhale ndi ziphaso, ndipo amalola kujambula ndi foni. Ananditumizira zithunzi pa WhatsApp usiku wonse foni mpaka kudzadza. Mumuuziretu nambala ya fayilo ndi miyezi yomwe mukufuna, chifukwa chaka chimodzi chokha chimatha kukhala chimulu cha mapepala, ndipo mumuuze ajambule ndi zomata za kumapeto zomwe, wanga anazidumpha ulendo woyamba poganiza kuti nzopanda ntchito.

Musaiwalenso kuti si onse anali ogwira mfuti mu Keyala. Ena anali madalaivala mu East African Army Service Corps, ena a mizinga, ena othandiza ku chipatala, ena a mapayoniya okumba misewu ndi kunyamula katundu. Ndiye pali aja nkhondo inawapeza ali ku Halale kapena ku migodi ya ku Northern Rhodesia nkulowera konko mu Rhodesian African Rifles kapena Northern Rhodesia Regiment. Kumudzi onsewa timangoti anapita ku Keyala. Mukasaka mu KAR osapeza kanthu yesani magulu amenewa.

Kwa ena amene mukuwerenga nawo, ngati agogo anu sanabwerere, yambani ndi webusayiti ya Commonwealth War Graves Commission, ndi yaulere, imapereka nambala, bataliyoni, tsiku lomwalira ndi komwe anaikidwa kapena komwe dzina lawo linalembedwa, ambiri a ku Burma ali ku Taukkyan kufupi ndi Yangon. Imeneyo ndi njira yachidule yopezera nambala. Koma ngati mukunena nkhondo yoyamba ija ya 1914 mpaka 1918 imene akuluakulu ankati ya Chiwaya, ija inayambira ku Karonga kwa ife kuno, nkhani yake ndi yovutirapo makamaka kwa amtengatenga, chifukwa ochuluka sanalembedwe mayina pena paliponse, eni ake a bungwelo anavomera okha mu 2021 kuti anthu akuda sanawakumbukire mofanana ndi azungu. Mabuku a magulu a nkhondo imeneyo ali mu WO 95.

Ku Zomba mudzapite ndithu koma mutapeza kale nambala. Kuli National Archives of Malawi komwe kuli mafayilo a ma DC, makalata a kalembedwe ka asilikali mmaboma ndi za ndalama zomwe ankatumiza kwa akazi awo, mudzapemphe za Dowa ndi Kota Kota. Mudzaonenso chipilala cha wotchi chija cha Keyala chili pafupi ndi Cobbe Barracks, ndipo a bungwe la asilikali opuma la VELOM, aja amagulitsa maluwa ofiira mu November, ndi anthu oyenera kucheza nawo. Mutenge chiphaso chanu ndi fotokope ya kabuku kaja, choyambirira chisiyeni kunyumba mu pulasitiki.

China, mukangoyamba kufunsafunsa atulukira anthu okuuzani kuti ku Mangalande kuli ndalama za agogo anu zikungodikira, mungopereka kaye ya mafomu. Ine wina anandidyera ya mafomu imeneyo nkuzimitsa foni, sindimutchula. Ku Kew kuli mapepala, sikuli chipukuta misozi.

Koma mmene ndikuonera ine, musanagule nkomwe bandulo yosakira zonsezi, Loweruka likubwerali kwerani kabaza mupite kwa wamkulu amene watsala pa banja panu, muyatse rekoda ya pa foni muyiike pa mkeka. Musawafunse kuti agogo anali bataliyoni yanji, sakudziwa. Afunseni kuti anapita chaka cha njala iti kapena ya dzombe, anasiya mwana uti ali kumsana, anabwera ndi chiyani mu thumba, ankatukwana mchilankhulo chanji akakwiya, ankayimba nyimbo yanji akamalima, anzawo omwe anapita nawo mmudzimo anali ndani. Anga ankawerenga manambala mchiswahili ndipo pa malipenga ankakonza achinyamata mapazi ngati ali pa perete, ndi zimenezo zinanditsimikizira kuti kabuku ka mu thiranki kanalidi kawo ngakhale dzina linali lachilendo. Azakhali amene anandiuza zonsezi tinaika chaka chatha.

Jambulani mendulozo kutsogolo, kuseri ndi mmphepete muponye pompano, nambala mukaipeza mundipeze ku inibokosi ndikuthandizeni kusaka fayilo yake mu Discovery.