Kahita kaja ndiko kakudya ndalama zanu, achemwali

Sabata yatha ndinalandira imelo ya achemwali ena amene anafika ku Leeds chaka chino kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Ali ndi ana awiri ndipo akukhala m'nyumba ya lendi. Ataona bilu ya Novembala mtima unawachoka, choncho anazimitsa boila ya gasi, makina otenthetsa madzi ofunditsa nyumba, n'kugula kahita kamagetsi kopemerera mpweya wotentha. Bilu ya Disembala yabwera yoposa ija. Akufunsa kuti achite chiyani kuti ana asazizidwe koma kangachepe kotumiza kumudzi kazitsala.

Pepani achemwali, ambirife tinadutsa momwemo. Kuno ku Britain yuniti imodzi ya magetsi imagulidwa pafupifupi kanayi kuposa yuniti ya gasi. Kahita kotere nthawi zambiri kamakhala ka makilowati 2, ndiye kuti ola lililonse kamameza mayuniti awiri a magetsi okwera mtengowo, n'kumafunditsa pabalaza pokha. Mukangokazimitsa, mphepo yabwerera. Kasungeni mukabati, yatsaninso boila.

Boilayo ndiyo yofunika kuidziwa bwino. Thermostat ya pakhoma, kachipangizo kosankhira kutentha kwa m'nyumba, ikani pakati pa madigiri 18 ndi 21. Azaumoyo kuno amalangiza kuti m'nyumba musatsike pa 18, makamaka muli okalamba kapena odwala. Ambiri ochokera kwathu timakweza mpaka 25 pofuna kumva ngati tili ku Nsanje, pomwe bungwe la Energy Saving Trust limanena kuti kutsitsa digiri imodzi yokha kumachepetsa ndalama zotenthetsera nyumba ndi pafupifupi 10 peresenti. Gwiritsani ntchito taimala: iziyaka ana asanadzuke, izizima mukamatuluka, iziyakanso madzulo. Ngati boila yanu ndi ya mtundu wa combi, yopanda thanki ya madzi otentha, tsitsani kutentha kwa madzi opita m'maradiyeta, zitsulo za pakhoma zofunditsa zipinda, kufika pa madigiri 60. Nyumba imachedwerako pang'ono kufunda koma gasi amapita wochepa.

Kenako yendani m'zipinda mukhudze radiyeta iliyonse. Ikakhala yotentha m'munsi koma yozizira pamwamba, muli mpweya. Kakiyi kotulutsira mpweyawo n'kotchipa m'masitolo a zipangizo. Mumapotokola pang'ono, mumva kuti tsiii, madzi akangoyamba kudontha mwatseka. Sofa musaigundike ku radiyeta. Makatani tsekani dzuwa likangolowa, ndipo mwaona nokha kuti mu Disembala 4 koloko masana kumakhala kutada kale. Pansi pa chitseko chakunja pindani chitenje chakale kapena thaulo mutsekepo. Usiku botolo la madzi otentha kapena bulangete lamagetsi limafunditsa munthu ndi kamoto kochepa kwambiri poyerekeza ndi kahita kaja.

Pali chinthu china chimene chinandiwawa ineyo m'chisanu changa choyamba. Pofuna kusunga ndalama ndinkatseka mazenera onse, kuyanika zovala m'chipinda chogona, boila ili chizimire. Tsiku lina ndikusuntha wodulobu ndinapeza khoma lonse lada bii ndi nkhungu, nsapato zanga za kutchalitchi zachita chuku, ndipo mwana wanga anali atatha milungu akutsokomola usiku. Nkhungu imeneyi si yoseweretsa. Mu 2020 mwana wa zaka ziwiri anamwalira ku Rochdale chifukwa cha nkhungu ya m'nyumba imene makolo ake ankachita lendi. Choncho mukamaphika nyemba kapena mukasamba, tsegulani zenera kwa mphindi zingapo nthunzi ituluke, ndipo mukaona madontho akuda pakhoma jambulani chithunzi, mulembere eni nyumba.

Munanenanso kuti abambo a kunyumba aganiza zogula makala a kanyenya kuti aziothera m'nyumba ngati mbaula ya mu Juni kwathu. Chonde, achemwali, ndikukupemphani, zimenezi ayi. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka, sununkha, ndipo nyumba za kuno n'zotsekeka kwambiri. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Ngakhale kwathu mabanja aferapo m'tulo ndi mbaula. Kuyatsa uvuni n'kusiya chitseko chake chotsegula nakonso musayese. Ku England lamulo limakakamiza eni nyumba kuika alamu ya mpweyawu m'chipinda chimene muli boila ya gasi, komanso kuitana katswiri wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa akatswiri ovomerezeka a gasi, kudzayendera boilayo chaka chilichonse. Pemphani pepala lake muone. Mukamva fungo la gasi, tulukani, imbani 0800 111 999.

Za thandizo la boma ndisakunamizeni: ambiri a ife visa yathu imatiletsa kulandira ndalama za chithandizo. Koma ku bungwe la Citizens Advice amalangiza munthu aliyense mwaulere, ndipo kampani yanu ya gasi mukaiuza kuti mwapanikizika, malamulo a Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a gasi ndi magetsi, amafuna kuti mugwirizane njira yolipira pang'onopang'ono malinga ndi thumba lanu. Muziwatumizira manambala a pa mita mwezi uliwonse kuti asamakulipiritseni zongoyerekeza.

Lero musanagone lembani manambala a mita zonse ziwiri. Mawa nthawi yomweyo, kahita kali mukabati ndipo thermostat ili pa 19, lembaninso. Munditumizire tiwerengere limodzi.