Kodi dzina loti Krishna lingayenere mwana wamkazi?

FUNSO

Ine ndine mayi wa ku Mpondasi m'boma la Mangochi. Amuna anga anakhala zaka 6 ku Durban akugwira ntchito m'sitolo ya Mmwenye wina wa chipembedzo cha Chihindu, dzina lake Krishna. Chaka china atadwala chibayo, bamboyo ndiye anawatengera kuchipatala, kulipira zonse, ndipo malipiro awo sanadule ngakhale anakhala miyezi iwiri ali chigonere. Pobwera kumudzi analonjeza kuti mwana amene tidzabereke adzamutcha dzina la bwana wawoyo. Tsopano Mulungu watipatsa mwana wamkazi. Mchombo unagwa, m'chikuta tinatuluka, koma mpaka lero mwanayu alibe dzina chifukwa apongozi anga akuti limenelo ndi lachimuna, pamene amuna anga akuti mawu awo sangawabweze. Ine ndili pakati. Kodi dzinali lingayenere mtsikana, kapena tikhala tikumusenzetsa mwana katundu wa eni ake?

YANKHO

Mayi, ndiyambe ndi kukondwera nanu chifukwa cha mwanayo, komanso kuwayamikira amuna anu posamuiwala munthu amene anawagwira dzanja ali kutali ndi kwawo. Dzina loti Krishna limaperekedwa ndithu kwa ana aakazi pakati pa Ahindu eni ake, ndipo mchitidwewu ndi wakalekale, sunayambe ndi makolo a masiku ano. Komabe apongozi anu sanaphonye kwenikweni, pakuti pali mayina awiri amene akubisala m'kalembedwe kamodzi.

Dzinali ndi la m'Chisanskrit, chilankhulo chakale chomwe malemba opatulika a Ahindu analembedwamo, ndipo tanthauzo lake ndi "wakuda". Likakhala la mwamuna, "a" wa kumapeto amatchulidwa mwachidule, mwakuti m'chilankhulo cha Chihindi samveka n'komwe, ndipo ena amangoti Krishan kapena Kishan. Likakhala la mkazi, "a" yemweyo amakokedwa, kumveka ngati Krishnaa. M'zilembo zawo zotchedwa Devanagari kusiyanako kumaoneka ndi maso, chifukwa dzina lachikazi limakhala ndi kamzere kamodzi koimirira kumapeto, komwe pa lachimuna kulibe. Akalilemba m'zilembo zathuzi kamzereko kamasowa, mayina awiri n'kusanduka limodzi. Ife a Chichewa izi siziyenera kutidabwitsa. Timalemba "mtengo" ponena wa mango ndiponso ponena wa chambo pa msika, koma khutu limasiyanitsa bwinobwino.

Mkazi wodziwika kwambiri wa dzinali ali m'nkhani yaikulu ya Ahindu yotchedwa Mahabharata, momwenso muli Krishna wamwamuna, mulungu wa Ahindu. Ambiri amamudziwa kuti Draupadi, kutanthauza mwana wa mfumu Drupada, monga momwe kuno tinganenere kuti abiti uje, koma amatchedwanso Krishnaa chifukwa cha khungu lake lakuda, ndipo nkhaniyo imamutamanda kuti anali wokongola koposa ndiponso wosaopa kufunsa akuluakulu a bwalo pamene anamuchitira chipongwe. Mfundo imeneyi ine imandikhudza mtima. Ndikamaona atsikana athu akudzola mafuta oyeretsa khungu mpaka nkhope kuyera zala n'kutsala zakuda, ndimaona kuti dzina lonena kuti kuda ndi kukongola si mphatso yaing'ono kwa mwana wamkazi wa kuno.

Palinso mtsinje wa Krishna, umene umayambira ku Mahabaleshwar kumadzulo kwa India n'kuyenda makilomita pafupifupi 1,400 kukathira m'nyanja ya kum'mawa. Shire wathu, amene amatuluka m'nyanja pafupi ndi kwanuko, amayenda makilomita pafupifupi 400 okha. Ahindu amaiona mitsinje yambiri ikuluikulu, monga Ganga ndi Yamuna, ngati amayi, ndipo dzina la mtsinje umenewu nalonso ndi lachikazi. Pa anthu a m'nthawi yathu, mlongo wamng'ono wa Jawaharlal Nehru, nduna yaikulu yoyamba ya India, anali Krishna Hutheesing, wobadwa mu 1907. Mu 2010, pa masewera a Commonwealth a ku Delhi, mayi wotchedwa Krishna Poonia anapata mendulo ya golide pa mpikisano woponya chimbale cholemera. Choncho Mhindu akamva kuti mtsikana dzina lake ndi Krishna sadzidzimuka ayi.

Kuno kwathu dzinali talimva kwambiri pa amuna, monga a Krishna Savjani, loya wodziwika wa ku Blantyre, ndipo apongozi anu alimva pa munthu mmodzi yekha, bwana wa mwana wawo. Khutu lawo likunena zimene linazolowera, ndiye powafotokozera musawachititse manyazi ngati kuti sadziwa kanthu.

Ndichenjeze pano owerenga ena amene angaganize kuti dzina lililonse la Chihindu likhoza kusunthidwa chonchi. Sizili choncho. Ife tinazolowera mayina osasankha, pakuti Chisomo, Chikondi, Mphatso, Takondwa ndi Thokozani amakhala anyamata ndi atsikana omwe, ndipo m'kalasi imodzi mphunzitsi akaitana Chimwemwe amatha kuimirira mnyamata ndi mtsikana nthawi imodzi. Chisanskrit chimagawa mawu m'magulu achimuna ndi achikazi, ndipo buku lakale la malamulo a chikhalidwe chawo lotchedwa Manusmriti limalangiza kuti dzina la mkazi likhale losavuta kutchula, losaopsa, la tanthauzo lomveka, lamwayi, ndiponso lothera ndi liwu lokoka. N'chifukwa chake mayina ambiri amayenda awiriawiri: Arun ndi Aruna, Vijay ndi Vijaya, Kamal ndi Kamala, Dev ndi Devi. Anthu a ku Mangochi mukuzidziwa kale izi kudzera m'mayina a Chiarabu, chifukwa palibe amene angasokoneze Amini ndi Amina kapena Saidi ndi Saida, monganso pa mfunda sitisokoneza a Phiri ndi a Naphiri. Alipo mayina ochepa osasankha ngati athu, monga Kiran, lotanthauza cheza cha kuwala, lomwe ndi dzina la Kiran Bedi, mkazi woyamba kulowa m'gulu la akuluakulu a polisi ya India mu 1972. Koma Arjun, Ganesh kapena Hanuman ndi achimuna basi, ndipo bwana wa amuna anu akanakhala ndi limodzi mwa amenewa ndikanakulangizani mosazengereza kuti musamupatse mtsikana. Mwayi wanu ndi wakuti dzina lomwe munalonjeza lili nalo lachikazi lake, lolembedwa chimodzimodzi.

Tsopano ndifike pa nkhani imene m'kalata yanu mulibe, koma imene ine ndikuiona yolemera kuposa ya chimuna ndi chikazi. Krishna si dzina wamba ngati Tadala. Ndi dzina la mulungu amene Ahindu miyandamiyanda amamupembedza, amene amamukhulupirira kuti ndi mulungu wawo wamkulu Vishnu wobadwa m'thupi, amene mawu ake kwa msilikali Arjuna ndiwo buku lopatulika lotchedwa Bhagavad Gita, ndipo kubadwa kwake amakukumbukira chaka chilichonse mu Ogasiti kapena Seputembala pa chikondwerero cha Janmashtami. Mhindu akatcha mwana wake dzinali amakhala akumuika m'manja mwa mulunguyo, ndipo ambiri amaona kuti kuitana mwanayo m'mawa ndi madzulo ndi kutchulanso dzina lopatulika. Inu mukulitenga pofuna kuthokoza munthu, osati kupembedza, ndipo cholinga chimenecho ndi choyera. Komabe mwanayo adzakula ndi dzinali pakati pa anthu opemphera, ndiye ndi bwino kudziwiratu mmene a chipembedzo chanu adzalilandirire. Ngati banja lanu ndi la Chisilamu, dziwani kuti mashehe salola kutcha mwana dzina la chinthu chopembedzedwa chimene si Allah, ndipo ndi bwino kukawaona musanapange chiganizo, pakuti safunsa anadya phula. Ngati ndinu Akhristu, mudzapeza kuti mipingo imasiyana. Ina imafuna dzina la m'Baibulo kapena la woyera mtima pa ubatizo n'kulisiya linalo kukhala la pakhomo, pamene ina siifunsa kanthu. Zoona zake n'zakuti m'matchalitchi mwathu muli kale a Diana, lomwe linali dzina la mulungu wamkazi wa Aroma, ndi a Dennis, lochokera kwa Dionysus wa Agiriki, ndipo palibe amawakayikira chikhulupiriro chawo. Kusiyana kwake n'kwakuti milungu imeneyo inasiya kale kupembedzedwa, pamene Krishna ali ndi omutsatira lero lino, ena a iwo ali konkuno ku Blantyre, Limbe ndi Lilongwe. Amenewo tiyenera kuwalemekeza posaliseweretsa dzinalo, ngakhale polifupikitsa mwachibwana.

Chifukwa cha zimenezi, ndikupempha kuti amuna anu amuimbire mwini dzina, ngakhale pa WhatsApp, amuuze kuti mwana wabadwa ndi wamkazi ndipo akufuna kumutcha dzina lake. Kwathu kuno sititenga dzina la munthu wamoyo mwakachetechete, timamudziwitsa, iye n'kubwera kudzamuona mwana atanyamula kanthu. Kwa Ahindu nakonso kutcha dzina ndi mwambo waukulu wotchedwa namakarana, womwe mabanja ambiri amachita pa tsiku la 11 kapena la 12 mwana atabadwa. Dzina amalinong'oneza m'khutu la khandalo lisanalengezedwe kwa anthu, liwu loyamba la dzinalo nthawi zambiri amalisankha potsata pamene mwezi unali kumwamba pa ola lobadwa, ndipo pakati pa Agujarati, anthu a kumadzulo kwa India, udindo wotcha dzina umakhala wa azakhali, mlongo wa bambo. Munthu wokulira m'mwambo wotere adzaumva kulemera ulemu umene mukumupatsawu. Akhozanso kukupatsani nzeru ina. Ahindu ambiri a ku Durban ndi zidzukulu za anthu amene anayamba kufika ku Natal, chigawo chomwe kuli Durban, mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ochuluka a iwo ochokera kummwera kwa India, ndipo kumeneko kuli dzina loti Krishnaveni, lomwe ndi la akazi okhaokha. Limeneli lingasunge lonjezo la amuna anu popanda wina kunena kuti mtsikana wavala malaya a bambo, kungoti ndi lalitali ndipo pakhomo adzalidula ndithu.

Maganizo anga ndi akuti, ngati a chipembedzo chanu sakuletsa ndipo mwini dzina wavomera, mutcheni mwanayo Krishna mosaopa, koma lisakhale lokha. Apatseni apongozi anu mpata woti nawonso atche lawo, la Chichewa kapena la Chiyao, chifukwa kawirikawiri agogo akakana dzina chimene chikuwawawa si dzinalo ayi, koma kulandidwa udindo umene kwathu kuno ndi wawo. Mwana wa mayina awiri adzasankha yekha akakula kuti kusukulu ndi kuntchito azidziwika ndi liti. Ndipo akayamba kuzindikira, bambo ake amukhazike pansi amufotokozere za sitolo ya ku Durban, za chibayo chija ndi za miyezi iwiri ya malipiro osadulidwa, kuti anzake akamamufunsa za dzina lachilendoli akhale ndi choyankha chimene iye mwini akunyadira.

Konzekeraninso za katchulidwe. Lilime lathu silikonda kulumikiza zilembo ngati k ndi r kapena sh ndi n, ndipo timakoka liwu lotsatizana ndi lomaliza osati lomalizalo, choncho kukoka kuja kumene kumasonyeza kuti dzinali ndi lachikazi kuno sikudzamveka. Ku sikelo, mutakhala pa benchi mwana ali kumbuyo, mudzamva akuitana kuti Kilishina, ndipo amayi oyandikana nanu adzaganiza kuti mwanena Khirisitina. Zimenezi zili ndi ubwino wake, pakuti kwa Mmalawi dzinali lidzamveka lachikazi ngati Regina kapena Amina, koma zili ndi vuto pa zolembalemba. Dzina likalakwika m'buku la kuchipatala limalowa cholakwika pa satifiketi ya kubadwa, kenaka kusukulu, mpaka pa chiphaso cha unzika chomwe mwana amalandira akakwanitsa zaka 16, ndipo kukonzetsa pambuyo pake kumadya nthawi ndi ndalama za maulendo. Tsiku lokalembetsa mwana, lembani mayina onse awiri pa kapepala ndi zilembo zazikulu, mumupatse mlembi m'manja, ndipo musachoke pa tebulo lake musanawerenge nokha zimene walemba.